Abwana akukana ZEP yanga, ndiwaonetse chiyani?

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndinabadwira ku Zimbabwe, makolo anga ndi a ku Dedza, ndipo ndimagwira ntchito yophika ndi chilolezo cha ZEP (Zimbabwe Exemption Permit), chomwe chimalola anthu a ku Zimbabwe kukhala ndi kugwira ntchito kuno ku South Africa. Mu pasipoti yanga analemba kuti chinatha pa 31 Disembala 2021, koma boma lakhala likuwonjezera nthawi kudzera mu gazette (chikalata cholengezera zidziwitso za boma), ndipo khoti la ku Pretoria linagamula mu Juni 2023 kuti kuthetsa ZEP kunali kosatsata malamulo. Abwana atsopano sakumva zimenezi. Akufuna pepala la tsiku latsopano, apo ayi ndisiye ntchito mwezi ukatha. Ana awiri ali pasukulu, mtima suli m'malo. Inu amene zinakuchitikiranipo, munawaonetsa chiyani abwana anu? Chikalata cha Home Affairs (unduna woona za mapasipoti ndi zilolezo) chimakwanira, kapena ndithamangire ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito?