Ndiwaonetse Lion King iti ana anga, yakale kapena yatsopano?

Abale anga a kuno ku Chipata, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuti ana anga aonere The Lion King pa holide ino. Alamu anga akuti ndiwaikire ya 2019 chifukwa nyama zake zimaoneka ngati zenizeni, akuti katuni ya 1994 inatha fasho. Ine mtima ukukana.

Nkhani ndi yomweyo, ndipo James Earl Jones anabweranso kudzalankhula mawu a Mufasa. Koma mu yakale ija Mufasa atafa, Simba makutu amagwa, maso kudzaza misozi, moti mwana amamva chisoni ngakhale Chingerezi sakuchimva. Mu yatsopanoyi mkango uli ngati wa ku South Luangwa, wokongola ndithu, koma nkhope ili gwa, sungadziwe zomwe zili mumtima mwake. Apa ndi pomwe ndikuona kuti anataya chinthu chachikulu.

Inu amene munaonetsa ana anu zonse ziwiri, anakonda iti? Wamng'ono wanga ali ndi zaka 6, kodi imfa ya Mufasa mu yatsopanoyi singamuopse kwambiri? Komanso yakaleyo ndingaipeze kuti pa DVD, kaya ku msika wa Kapata kapena m'tauni? Bandulo ya intaneti yoonera filimu yonse sindingakwanitse.