Wizard akungomaliza nkhondo yekha, wa fighter wagwa ulesi: nditani?

Anzanga okonda masewera a pathebulo, ndigawireni nzeru. Loweruka lililonse timakumana anthu asanu kwathu ku Chilomoni kusewera Dungeons & Dragons, malamulo a 2014 aja, ine ndiye DM, woyendetsa nkhani ndi adani m'masewerawa. Poyamba zinkayenda bwinobwino, koma chifikireni pa level 5 zinthu zavuta.

Wizard wathu, wamatsenga wa gululi, wapeza spell yoponya moto yotchedwa Fireball. Akangoponya madayisi 8 a mbali 6, adani onse oyandikana amapsera limodzi, nkhondo yomwe ndakhala ndikukonza sabata yathunthu n'kuthera pomwepo. Mnzathu wa fighter naye wapeza Extra Attack, koma kumenya kawiri sikungafanane ndi moto umenewu. Sabata yatha anangoti duu, kumangotembenuza dayisi m'manja. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndi iyeyo amene amafika moyambirira, kuchokera ku Bangwe pa minibasi.

Gwero lake ndikuliona. Malamulowa anawakonza poganiza kuti gulu limenya nkhondo 6 mpaka 8 lisanapume usiku wonse, kuti ma spell a wizard athe, pomwe Action Surge ya fighter, mphamvu yomupatsa mpata wina womenya nthawi yomweyo, imabwerera akangopuma ola limodzi. Ife nthawi imatichepera. Timamenya nkhondo ziwiri basi, anthu n'kuyamba kuthamangira minibasi kusanade.

Ndiye ndimupatse fighter lupanga lamatsenga, kapena ndisinthe kuti kupuma kwa usiku wonse kuja, komwe kumabwezeretsa ma spell a wizard, kuzitenga masiku 7 a m'nkhanimo? Nkhawa yanga ndi yoti wa wizard aona ngati ndikumulanga, chikhalirecho sanalakwe kanthu. Amene munayesapo njira zimenezi ndi gulu losewera maola ochepa ngati lathuli, zinakuyenderani bwanji?