Kodi akapolo akafika kuminda ankagwira ntchito yanji?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, kusukulu nkhani imathera pa Jumbe wa ku Nkhotakota ndi ulendo wa akapolo wopita ku Kilwa, doko la ku gombe la Tanzania. Nanga anthuwo akagulitsidwa, tsiku lawo linkayenda bwanji kumundako?

Aphunzitsi a ku Zingwangwa: Ambiri ochokera kuno ankathera ku Zanzibar ndi Pemba, m'minda ya karafuu, zonunkhiritsa chakudya zija. Kawirikawiri ankagwirira mwini munda masiku 5 pa sabata. Lachinayi ndi Lachisanu ankalima timinda tawo ta chinangwa. Musati chinali chifundo ayi, mwini munda ankangothawa kuwadyetsa. Pokolola munthu ankakwera mtengo wa mamita 10 kapena kuposa, n'kumathyola timphukira tisanamasule maluwa. Madzulo ankatipulula ku timapesi take, kenako kuyanika pamikeka masiku angapo mpaka tide. Tikamasula, fungo limachepa ndipo sitigulidwa bwino. Tikanyowa ndi mvula tili padzuwa, timachita nkhungu. Ukapolo kumeneko unathetsedwa mwalamulo mu 1897.

Wa ku Bangwe: Aphunzitsi anena bwino, koma ntchito ya m'minda ya nzimbe ku zilumba za Jamaica ndi Barbados, ku Caribbean, ndiyo inkapha anthu. Akapolo ankawagawa m'magulu atatu. Amphamvu, amayi ndi abambo omwe, ankakumba maenje obzalamo ndi khasu, atandanda pamzere, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti. Gulu lachiwiri linkapalira ndi kusenza manyowa, ana n'kumamweta udzu wa ziweto.

Vuto lalikulu ndi loti nzimbe ikadulidwa siidikira. Pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri madzi ake amayamba kusasa, shuga n'kuchepa, ndipo a ku Nchalo amadziwa zimenezi. Choncho nthawi yodula, chigayo chinkalira usana ndi usiku. Wolowetsa nzimbe pakati pa zitsulo zitatu zofinyira akawodzera, dzanja linkapita limodzi ndi nzimbeyo, moti pambali pankakhala chikwanje chodulira mkono kuti thupi lonse lisakokedwe. Madziwo ankawawiritsa m'miphika ya mkuwa yotsatizana, kuyambira waukulu mpaka waung'ono, akuthiramo laimu ndi kuwengula thovu. Kuphula msanga, shuga sagwirana. Kuchedwa, wapserera.

Mayi a ku Ndirande: Musaiwale thonje la kum'mwera kwa dziko la United States. Kumeneko chikoti chinali pa sikelo. Madzulo dengu la aliyense linkayezedwa. Likaperewera, wakwapulidwa. Likapitirira, muyezo wako wa mawa wakwera.