Firiji ya Wi-Fi kapena ya kompresa ya inverter, ndigule iti?

Moni nonse abale ndi alongo m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za mafiriji.

Firiji yathu yakale ikudya mayunitsi koopsa, ndiye tikufuna kugula ina. Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, mita ndi ya prepaid, ndipo magetsi akazima timadalira sola: inverter (chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba) ya 1 kVA ndi batire limodzi la 200Ah. Firiji yakaleyo ikangoyamba kulira, inverter imathima pompo. Ndinasintha labala wa pachitseko, ndinapukuta fumbi kumbuyo kwake, ndinaichotsa pafupi ndi mbaula, koma palibe chasintha.

Kusitolo ndapeza ziwiri zofanana kukula, za malita pafupifupi 300. Ina ili ndi Wi-Fi, akuti imatumiza uthenga pafoni chitseko chikatsala chotsegula. Zimenezi sizikundigwira mtima. Kunyumba kulibe rauta, ndipo kugulira firiji bandulo ndi kuseweretsa ndalama basi. Inayo ilibe zonsezo koma ili ndi kompresa (injini yoziziritsa firiji) ya mtundu wa inverter, osati inverter ya sola ija, yomwe akuti imayamba pang'onopang'ono m'malo mokoka magetsi ambiri nthawi imodzi. Wogulitsa akungotamanda ya Wi-Fi yodulayo. Nditamufunsa za ma kWh (mayunitsi) a pachaka olembedwa pa sitika, anangoseka.

Ndiye alipo amene akuyendetsa firiji ya kompresa ya inverter pa sola yofanana ndi yangayi? Magetsi akabwera ndi mphamvu imapirira, kapena fridge guard (kachipangizo koteteza firiji ku magetsi osakhazikika) ndi yofunikabe? Nanga bodi yake ya zamagetsi ikapsa, amisiri athu kuno amatha kuikonza? Chonde ndithandizeni ndisanapereke ndalama.