Ndigule njinga yakale ya Peugeot kapena ndidikire?

Abale anga a kuno ku Mzuzu, makamaka inu odziwa za njinga, ndithandizeniko nzeru. Bambo wina ku Luwinga akugulitsa njinga yakapalasa ya Peugeot, zija za mpikisano za matayala owonda ndi handulo yopindikira pansi. Akuti ndi ya m'ma 1970. Ine ndikungoyamba kumene, ndipo ndalama zomwe ndasunga ndi zochepa, moti sindingakwanitse kugula kenaka n'kumangokhalira kwa okonza.

Felemu ndi yachitsulo, yosapindika, koma pansi pomwe pamazungulira mapedulo penti inakoboka ndipo pali dzimbiri. Ndingadziwe bwanji ngati ndi lapamwamba chabe kapena ladya mpaka mkati? Chishalonso chikukana kukwera kapena kutsika, chinauma pomwepo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi matayala. Pambali palembedwa 27 x 1¼, pomwe njinga za mpikisano zamakono zimayendera saizi ya 700c, ndipo awiriwa salowana pa limu imodzi. Kodi saizi ya 27 x 1¼ imeneyi imapezeka mumsika waukulu kapena ku Zigwagwa, kapena mpaka ku Lilongwe? Malimu akenso ndi achitsulo, ndiye ndi mvula yathu ino mabuleki angagwire potsetsereka?

Magiya ndi 10, osinthira pa felemu. Ndikufuna kuyamba ndi msewu wa ku Ekwendeni, koma mtima uli pa Nkhata Bay. Amene munakwerapo zitunda za pobwerera, magiya amenewa angandifikitse? Ndipo ngati mukudziwa wokonza amene amazitha njinga zoterezi, ndiuzeni ndipite naye akaione ndisanalipire.