Thandizeni pa nkhani ya ngongole ya Haiti ya 1825

Moni nonse abale ndi alongo. Ndikukonza phunziro la ana a sekondale lokhudza Haiti, koma ndathedwa nzeru pa nkhani ya ngongole. Akapolo a m'dzikomo anaukira atsamunda a ku France mu 1791, mtsogoleri wawo Dessalines n'kulengeza ufulu pa 1 Januwale 1804. Mu 1825 mfumu Charles X ya France inalamula kuti Haiti ilipire mafranki 150 miliyoni opepesera omwe anali eni minda ndi akapolo. Zimandiwawa kwambiri kuti ozunzidwawo ndiwo analipira. Mu 1838 ndalamazo anazitsitsa kufika pa 90 miliyoni.

Kulaibulale kwathu ndafufuza, palibe buku. Pa intaneti zozama zomwe ndapeza zili m'Chifalansa, ndipo anzanga ophunzitsa mbiri nawonso zawavuta.

Ndani angandifotokozere mmene ngongoleyi inapanikizira alimi a khofi a m'dzikomo? Kapena alipo wodziwa buku la Chingerezi losavuta?