Ma nanoparticle pa khansa ya mu ubongo: amafika bwanji pa chotupa?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Glioblastoma, khansa yoopsa ya mu ubongo, imabwereranso ngakhale munthu atachitidwa opaleshoni, kuwotchedwa ndi radiation komanso kumwa mankhwala a khansa a temozolomide. Kodi ma nanoparticle, tinthu ting'onoting'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, angathandize?

Mlangizi_Z: Vuto lalikulu ndi mpanda wa mitsempha ya magazi ya mu ubongo, umene umatsekereza mankhwala ambiri. Ofufuza amamata pa tinthuti zokowera zogwira transferrin receptor (khomo la pa mtsempha lolowetsera chitsulo cha m'magazi) kuti mtsempha utilowetse wokha. Amatikutanso ndi PEG (mankhwala otibisa ku chitetezo cha thupi), apo ayi chiwindi ndi kapamba zimatimeza tisanafike. Ngakhale atero, tofika pa chotupa ndi tochepa kwambiri.

Achimwene_K: N'chifukwa chake njira ya NanoTherm ya ku Germany, yovomerezedwa ku Ulaya mu 2010, inalambalala magazi. Tinthu ta iron oxide (chitsulo chophatikizana ndi okosijeni) ta pafupifupi ma nanometre 15 amatibayira m'chotupa mwenimweni. Kenako maginito osinthasintha pa 100 kHz amatitenthetsa kupitirira 40°C, ola limodzi, maulendo 6, pamodzi ndi radiation.

Mlangizi_Z: Zoona, koma zitsulo za m'mano ziyenera kuchotsedwa kaye, chifukwa nazonso zimatentha. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tinthu ta iron oxide tija timatsalira m'mutu n'kusokoneza zithunzi za MRI, ndiye kulondola chotupacho kumadalira zithunzi za CT kapena PET.